Tifunseni za Mafilimu: Amisiri Amene Ankamangira Diso la Kamera ku Hollywood

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za mafilimu akale a ku America, aja osalankhula, makamaka za munthu amene dzina lake limalembedwa pansi pa mawu akuti art director. Ena afunsa za mbiri, ena za matabwa ndi penti. Mafunso ena tawafupikitsa.

FUNSO: Akonzi, filimu ikamayamba pamadutsa mayina, ndipo pena pamalembedwa kuti art director. Kodi ameneyu ndi dairekita yemwe uja, kapena ndi wojambula zithunzi? (Wophunzira zisudzo)

YANKHO: Onse awiriwo ayi. Dairekita amayendetsa nkhani ndi ochita sewero. Wakamera amasamala za kuwala ndi chithunzi. Art director ndi amene amakonza malo amene nkhaniyo ikuchitikira: chipinda, msewu, ndende, nyumba yachifumu, kaya m'kati mwa sitima yapamadzi. Malo omangidwa mwadala oterowo amatchedwa seti. Iyeyu ndiye amanena kuti khomo likhale apa, masitepe atsikire mbali iyi, khoma lipakidwe mtundu wakuti, ndipo amawerengera ndalama ndi masiku amene ntchito yomangayo idye.

Poyamba ntchitoyi kunalibe. Situdiyo ya Thomas Edison, imene inamangidwa mu 1893 ku West Orange, New Jersey, inali kanyumba kokutidwa ndi pepala la phula. Denga lake linkatseguka, ndipo kanyumba konseko ankakatembenuza kuti katsatire dzuwa. Kumbuyo kwa ochita sewero kunali kwakuda bii, basi. Kenako anayamba kupachika nsalu zopenta ngati za pa siteji, ndipo kalipentala ndi wopenta ankatha zonse. Zenera lopenta, shelefu yopenta, mapoto ndi mbale zopenta pansalu yomweyo. Mpando weniweni unali wokhawo woti munthu akhalepo. Poti ankajambulira panja kapena pamwamba pa nyumba zosanja kuti apeze dzuwa, mphepo inkachita zake. Mukaonetsetsa mafilimu ena a nthawi imeneyo mupeza nsalu ya patebulo ikuuluzika m'chipinda chimene akuti mawindo ake ndi otseka. Pakhoma mungaonenso zilembo AB za kampani ya Biograph, zimene ankaziika pa seti penipeni kuti akuba asakope filimuyo n'kuigulitsa ngati yawo.

Chimene chinapha nsalu yopenta ndi kamera yomwe. Itayamba kusendera pafupi ndi anthu, n'kumajambula chipinda chimodzi kuchokera mbali ziwiri, bodza linayera: mthunzi wa munthu unkagwera paphiri loti lili kutali, ndipo poto wopenta sankasintha maonekedwe ngakhale kamera isunthe. Filimu ya ku Italy yotchedwa Cabiria, ya mu 1914, inafika ku America ndi akachisi omangidwadi, okhala ndi masitepe okwereka. Makampani anaona okha kuti akufunika munthu wodziwa kumanga, osati kupenta kokha.

FUNSO: Ndiye woyamba kugwira ntchitoyi ku Hollywood anali ndani, ndipo zinamuthera bwanji? (Mphunzitsi wa mbiri yakale)

YANKHO: Aphunzitsi, dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la Wilfred Buckland, wobadwa mu 1866. Mwachita bwino kunena kuti ku Hollywood, chifukwa kum'mawa kwa dzikolo kunali kale ena ochita zofanana. Ben Carré wa ku France anafika ku Fort Lee mu 1912, ndipo Anton Grot wa ku Poland anayamba ntchito ku kampani ya Lubin ku Philadelphia mu 1913.

Buckland sanali mnyamata wongoyamba kumene. Anali atagwira ntchito zaka zambiri ku New York pansi pa David Belasco, mkulu wa zisudzo amene ankadziwika ndi kukakamira zinthu zenizeni pa siteji komanso luso la magetsi. Mu 1914, ali ndi zaka pafupifupi 48, anapita ku California kukalowa kampani ya Jesse L. Lasky, imene inayambira m'khola pamphambano ya misewu ya Selma ndi Vine. Dairekita wake anali Cecil B. DeMille.

Chachikulu chimene anabwera nacho ndi nyale. Nthawi imeneyo seti inkamangidwa panja pa thandala la matabwa, pamwamba n'kutambasula nsalu zoyera zopyapyala kuti dzuwa lilowe mofatsa. Kuwala kunkakhala kofanana paliponse, usiku ndi usana osasiyana. Buckland anabweretsa nyale za Klieg, zimene abale a banja la Kliegl ankapangira masiteji a ku New York. Nyalezi zimayaka magetsi akamadumpha pakati pa tindodo tiwiri ta kaboni, ndipo kuwala kwake ndi kwaukali, kolunjika. Ukatchinga dzuwa ndi nsalu zakuda n'kuyatsa nyale imodzi chakumbali, theka la nkhope limawala, theka linalo lili mumdima. DeMille ankakonda kusimba kuti a ku ofesi ya ku New York anadandaula kuti eni nyumba zoonetsera mafilimu alipira theka la mtengo poti akuona theka la nkhope, iye n'kuyankha kuti kumeneko ndiye kuwalitsa kwa Rembrandt, katswiri wakale wopenta zithunzi wa ku Holland. Nkhaniyo ndi ya DeMille mwini wake, munthu wodziwa kuthira mchere, koma kuwalako kulipo ndithu mu The Cheat ya mu 1915. M'menemo muli makoma a mapepala a Chijapani, nyale ili kuseri, moti anthu amaoneka ngati mithunzi pakhomapo. Apa khoma lasiya kukhala chotchingira chabe, lalowa m'sewero. Ife tikuona kuti ntchito ya art director inabadwira pamenepa, pamene seti ndi nyale zinayamba kuganiziridwa limodzi.

Nyalezi zinali ndi mtengo wake. Ochita sewero ankadzuka usiku maso atatupa, ali psuu, akuyabwa ngati muli mchenga. Ambiri ankanamizira fumbi la kaboni, pomwe chowotcha maso chinali kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa ultraviolet, kochokera ku nyale zosavundikira ndi galasi.

Chinanso, Buckland anasandutsa ntchitoyi kukhala ya ofesi. Analemba anthu ophunzira zojambula mapulani a nyumba, ndipo seti inayamba kujambulidwa papepala ndi miyeso yake kalipentala asanagwire sowo. Anachoka kwa Lasky mu 1920. Mu 1922 anatsogolera seti za Robin Hood, filimu ya Douglas Fairbanks imene dairekita wake anali Allan Dwan. Linga lake linatalika pafupifupi mapazi 90, ndipo linamangidwa poganizira thupi la Fairbanks: m'makoma munabisidwa zogwirira, ndipo kuseri kwa katani yaitali kunali chotsetserekera, kuti azioneka ngati akutsika pansalu yokha. Pamenepo ndiye panali pachimake. Zaka za m'ma 1920 zikutha, dzina lake linali litasiya kuoneka pa mafilimu, ntchito ili m'manja mwa achinyamata amene anapeza njira italambulidwa kale. Anamwalira mu 1946.

FUNSO: Ine ndine kalipentala. Ndikaona zipinda za m'mafilimu akalewa ndimadabwa. Ankamanga ndi njerwa? Nanga ankadziwa bwanji msinkhu wa khoma? (Kalipentala)

YANKHO: Amisiri, njerwa kunalibe. Ndipo funso lanu lachiwirilo ndiye phata la ntchito yonse, choncho tiyambire komweko. Womanga nyumba amayambira pa maziko, womanga seti amayambira pa lenzi.

Pa filimu yosalankhula ya 35mm, kachithunzi kalikonse kanali mamilimita pafupifupi 24 chopingasa ndi 18 choimirira. Lenzi yofala inali ya mamilimita 50. Gawani 24 ndi 50, mupeza 0.48. Gawani 18 ndi 50, mupeza 0.36. Manambala awiriwa muziwachulukitsa ndi mtunda wochoka pa kamera kufika pakhoma. Khoma likakhala pa mamita 10, kamera iona mamita 4.8 chopingasa ndi 3.6 choimirira. Ngati lenzi ili pa msinkhu wa mamita 1.5 ndipo sinapendeke, theka la 3.6 ija, amene ndi 1.8, lili pamwamba pa lenzi, choncho chithunzi chithera pa mamita 3.3. Khoma la mapazi 12, amene ndi mamita 3.66, lakwanira. Tsopano dairekita anene kuti kamera ibwerere mpaka mamita 15. Chithunzi chikwera kufika pa mamita 4.2, khoma latha, ndipo mufilimu mwalowa nyale, zingwe ndi mitanda ya denga la situdiyo. N'chifukwa chake pa pulani ankajambulapo mizere iwiri yotambasuka kuchoka pa kamera. Chili kunja kwa mizereyo sankachimanga. Pulani yambiri inkajambulidwa kota ya inchi kuimira phazi limodzi, ndipo kawirikawiri ankapanganso kachitsanzo kakang'ono ka katoni kapena thabwa kuti dairekita asuzumire pamalo a kamera asanavomereze.

Khoma lenilenilo linali felemu ya timatabwa ta inchi 1 kwa mainchesi 3, kawirikawiri mapazi 4 m'lifupi ndi 10 kapena 12 m'litali, mitanda yopingasa pakati, m'makona atalimbitsa ndi tizidutswa ta pulayiwudi. Pamwamba ankamata nsalu yathonje yosapaka utoto. Cholakwa cha ongoyamba n'kuikoka kwambiri. Nsaluyo imafunika kutsala yolefukako, chifukwa ikapakidwa madzi a guluu imafupika yokha n'kukungika ngati ng'oma. Ukaikoka pasadakhale, imapinda felemu kapena kung'ambika m'makona.

Penti yake inali ufa wa utoto wosakaniza ndi choko chopera ndi madzi ofunda a guluu wa zikopa. Wopenta ankaviika zala ziwiri m'madzi a guluuwo n'kuzigundanitsa: zikamamatirana pang'ono pouma, zili bwino. Guluu akachuluka, penti imang'aluka ndi kunyezimira. Akachepa, imayoyoka ngati ufa n'kudetsa zovala za ochita sewero. Penti imeneyi ikauma imayera kuposa mmene imaonekera ili yaiwisi, choncho ankayesa kaye pakachidutswa. Ikagonera masiku angapo m'ndowa imanunkha zoola.

Mafelemu ankawaimika mogundana, pamsoko n'kumatapo kansalu kakatali kuti mzere usaoneke. Kumbuyo ankachirikiza ndi matabwa a makona atatu, kuwakhomera pansi kapena kuwatsindira ndi matumba a mchenga. Chitseko ndiye chinali mdani. Munthu akachimenyetsa mwaukali, khoma lonse la nsalu linkagwedezeka, pamodzi ndi zithunzi zopachika. Mankhwala ake anali kupanga felemu ya chitseko yolemera, yochirikizidwa payokha, osadalira khomalo. Pambuyo pake, kamera itazolowera kufika pafupi, masitudiyo anayamba kukuta mafelemu ndi mabolodi opyapyala m'malo mwa nsalu.

Chipinda chinkakhala ndi makoma awiri kapena atatu, siling'i palibe, chifukwa m'mwambamo ndi mmene munkadzera kuwala. Khoma lina linkamangidwa loti lizizulidwa msanga kuti kamera iime pamalo pake, choncho ankalilumikiza ndi mabawuti kapena misomali ya mitu iwiri, yosavuta kuzula. Kuseri kwa zenera ankaimika nsalu yopenta mitengo kapena mzinda, patali ndithu, ndi nyale zakezake. Ikayandikira, mthunzi wa felemu ya zenera umagwera pamtambo.

Miyala ya malinga, zipilala ndi zosemasema zinali pulasitala wosakaniza ndi ulusi wa khonje kapena chingwe chophwasula. Ankaumba kaye ndi dongo, kupanga chikombole, kenako kuthira pulasitala wopyapyala. Chikombole chimodzi chinkabala miyala yambirimbiri yopepuka, yongokhomera pa felemu. Chotsala chinali kukalambitsa: kuwaza madzi a penti yakuda, kupaka mwaye pamwamba pa malo a moto, kupala m'mphepete mwa masitepe mmene mapazi akanadya. Seti yosakalambitsa imaoneka kuti yamangidwa dzulo, ndipo kamera siibisa.

FUNSO: Ndinawerenga kuti masetiwa ankapakidwa mitundu yodabwitsa. Filimu yake inali yakuda ndi yoyera, ndiye mtundu unali ndi ntchito yanji? (Mayi wopenta zikwangwani)

YANKHO: Mayi, unali ndi ntchito yaikulu, chifukwa filimu ya nthawi imeneyo sinkaona ngati diso la munthu. Mtundu wake unkatchedwa orthochromatic. Inkamva kwambiri kuwala kwa buluu ndi kobiriwira, koma kufiira sinkakumva. Chinthu chofiira chinkatuluka chakuda, chabuluu chinkatuluka chotuwa kapena choyera. Zilembo zofiira pabolodi lakuda zinkasowa, zabuluu papepala loyera chimodzimodzi. Kabati ya thabwa lofiirira la mahogany inkasanduka chibulumwa chakuda chosaoneka zosemasema zake. Thambo linkayera mbee, mitambo osaoneka. Mitundu iwiri yosiyana kwambiri m'maso, inkatha kutuluka yotuwa mofanana, mpando n'kumira m'khoma.

Choyera chenicheni nachonso chinali vuto, chifukwa chinkathobwa n'kudya zonse zoyandikana nacho. Nsalu za patebulo, mashiti a pabedi ngakhale malaya ankaziviika mu utoto wachikasu chopepuka kapena buluu wopepuka kuti zituluke zoyera bwinobwino. Openta ambiri anangosiya mitundu yowala n'kumapenta seti yonse ndi yotuwa kapena ya bulawuni, kuyambira wopepuka kufika woderako, kuti chimene akuona n'chimene chituluke. Ena ankayang'ana seti kudzera m'kagalasi kabuluu kuti aone mmene filimu iionere. Zonyezimira, monga mikombero ya zithunzi ndi zogwirira zitseko, ankazipaka sopo kapena phula kuti zizizire. Maluwa a pepala lomata kukhoma ankasankha akuluakulu, ang'onoang'ono ankangosanduka utsi.

Mtundu umene oonera ankauona m'nyumba yoonetsera unkabwera pambuyo, poviika filimu yotsukatsuka mu utoto: buluu kusonyeza usiku, chikasu chofiirira kusonyeza chipinda chounikira nyale, kufiira kusonyeza moto.

Filimu ya panchromatic, yomva mitundu yonse, inalipo koma inali yodula. Kampani ya Kodak inayamba kuigulitsa mwanthawi zonse mu 1922, mtengo unatsika mu 1926, ndipo m'zaka zochepa inalanda malo. Amisiri amene anazolowera kuti chofiira n'chakuda anachita kuphunziranso ntchito yawo.

FUNSO: Malinga aatali aja ndi mabwalo odzaza anthu, ankamangadi zonsezo? Kompyuta kunalibe. (Wokonda mafilimu akale)

YANKHO: Zina ankamangadi. Mzinda wa Babulo wa mu Intolerance, filimu ya D. W. Griffith ya mu 1916, unaima m'mbali mwa Sunset Boulevard, njovu za pulasitala zili pamwamba pa zipilala, makoma ake otambalala moti magaleta ankayenda pamwamba. Anaumanga ndi Frank Wortman, kalipentala wamkulu, potsatira zojambula za Walter L. Hall, mothandizidwa ndi oumba pulasitala a ku Italy amene anagwirapo ntchito pa chionetsero cha ku San Francisco mu 1915. Koma kumanga kotero kunkatha ndalama zankhaninkhani, ndipo art director wanzeru ankamanga pansi pokha, pamene anthu akuyenda, pamwamba n'kunamiza.

Njira yoyamba inali ya galasi, imene Norman Dawn anaigwiritsa ntchito mu 1907 pojambula matchalitchi akale a ku California amene madenga ake anali atagwa. Kamera imamangidwa kuti isasunthe olo pang'ono. Patsogolo pake, mamita awiri kapena atatu, pamaimikidwa galasi lalikulu loyera. Wopenta amasuzumira pa kamera, mnzake n'kumaika timadontho pagalasi potsatira pamene khoma lomangidwa lathera. Pamwamba pa mzerewo amapenta nsanja, denga kapena phiri. Pansi pamasiyidwa poyera. Kamera imatenga zonse ziwiri nthawi imodzi. Zovuta zake n'zodziwika. Mithunzi yopenta siyenda pomwe dzuwa likuyenda, choncho chithunzicho chimagwirizana ndi seti kwa kanthawi kochepa patsiku, ndipo mtambo ukabwera mudikira mawa. Galasi limaonetsa kamera ndi anthu oima kumbuyo kwake ngati simunatchinge ndi nsalu yakuda. Wochita sewero akakwera kupitirira mzere, mutu wake umalowa kuseri kwa penti n'kusowa. Komanso lenzi iyenera kutsekedwa kwambiri kuti chapafupi ndi chapatali zonse zioneke bwino, zimene zimafuna dzuwa lamphamvu.

Njira yachiwiri inathetsa vuto la mithunzi. M'malo mopenta, ankamanga kachitsanzo kakang'ono n'kukapachika patsogolo pa kamera. Poti ndi chinthu chenicheni chili padzuwa lomwelo, mithunzi yake imayenda limodzi ndi ya seti. Masamu ake ndi apafupi. Nyumba ikakhala pa mamita 60 ndipo kachitsanzo kali pa mamita 3, ndiye kuti kachepe ka 20. Nsanja yoti ikanakhala mamita 10 ikhala masentimita 50. Tchalitchi cha mu The Hunchback of Notre Dame ya mu 1923 chinamangidwa chigawo chapansi chokha, nsanja zake zinali zopachika. Mu Ben-Hur ya mu 1925, bwalo la mpikisano wa magaleta linali ndi anthu enieni m'mizere yapansi, yapamwamba munali tizidole tambirimbiri tomangirira ku ndodo, totha kuimirira ndi kukhala.

Njira ina inali kuchepetsa zinthu pang'onopang'ono kulowera kumbuyo. Rochus Gliese anachita zimenezi pa mzinda wa mu Sunrise ya mu 1927: nyumba zakumbuyo zinali zazing'ono, ndipo kumeneko ankayendetsako anthu aafupi kuti msewu uoneke wautali. Munthu wamtali akasochera n'kufika kumeneko, amaposa chitseko.

Kachitsanzo koti kagwe kapena kuphulika kali ndi lamulo lake. Kanthu kakang'ono kamafika pansi msanga, diso n'kuzindikira kuti n'kachidole. Choncho kamera imapukusidwa mothamanga kuti poonetsa kugwako kuchedwe. Chitsanzo chikachepa ka 16, liwiro limawonjezeka ka 4, popeza 4 kuchulukitsa ndi 4 ndi 16. Ngati mumajambula zithunzi 16 pa sekondi, apa mujambula 64. Chosamvera lamuloli ndi madzi ndi moto. Dontho la madzi silichepa, ndipo pambali pa sitima yachidole limaoneka lalikulu ngati mutu wa munthu.

FUNSO: Akuti Cedric Gibbons ali ndi dzina pa mafilimu pafupifupi 1,500. Munthu mmodzi angathe bwanji? (Wowerengera ndalama)

YANKHO: Sangathe, ndipo sanachite. Mwagwira pamene pali nkhani. Gibbons, wobadwa mu 1890, anayambira ku situdiyo ya Edison, anapita ku kampani ya Goldwyn, ndipo kampani ya MGM itapangidwa mu 1924 anakhala mkulu wa dipatimenti yonse ya maseti mpaka 1956. Mgwirizano wake unkati dzina lake lilembedwe pa mafilimu a kampaniyo. N'chifukwa chake lili ponseponse, ndipo analandira mphoto za Oscar 11, kachifanizo kamene iye mwini anakajambula, George Stanley n'kukaumba.

Mutu umodzi susenza denga, ngakhale seti ilibe denga. Filimu iliyonse inkapatsidwa art director wakewake, amene ankawerenga nkhani, kulemba mndandanda wa maseti, kuona amene angatengedwe ku nkhokwe n'kupakidwanso penti, ndi kuwerengera mtengo. Pansi pake panali ojambula zithunzi za maonekedwe, ojambula mapulani, opanga zitsanzo, akalipentala, oumba pulasitala, openta, osamala mitengo ndi maluwa, ndi oyala mipando ndi makatani. Gibbons ankasankha anthu, kuvomereza kapena kukana zojambula, ndi kusunga maonekedwe a kampani: zipinda zazikulu, zoyera, pansi ponyezimira. Kampani ya Paramount inali ndi Hans Dreier wochokera ku Germany, amene anafika mu 1923. Sitikuti Gibbons ankangosaina, ayi. Kuyang'anira mafilimu ambirimbiri pachaka osatuluka mu bajeti ndi luso palokha. Koma mukaona seti yokongola ya MGM, yang'anani dzina lachiwiri, lolembedwa pansi pa lake.

FUNSO: Mafilimu atayamba kulankhula, anthuwa anakhudzidwa? Ine ndimaganiza kuti linali vuto la ochita sewero okha. (Wokonza mawailesi)

YANKHO: Anakhudzidwa kwambiri, bambo. Filimu yolankhula ya The Jazz Singer itatuluka mu 1927, maikolofoni inayamba kulamulira. Nyale za kaboni zinkalira chapansipansi, choncho zinapatsa malo mababu akuluakulu, amene kuwala kwake kofiirira kunkagwirizana ndi filimu ya panchromatic koma kunkatentha ngati ng'anjo. Makoma olimba oyang'anizana ankabweza mawu, anthu n'kumamveka ngati ali m'mgolo. Amisiri anabwerera ku makoma a nsalu ndi mabolodi ofewa, n'kumapendeketsa makoma kuti asayang'anizane ndendende. Masitepe a matabwa opanda kanthu m'kati ankalira ngati ng'oma, choncho ankawayala zofewa. Maikolofoni zoyambirira zinkabisidwa m'maluwa a patebulo kapena pafupi ndi telefoni, ndiye mipando inkaikidwa potsatira pamene mawu angamveke.

Kamera inatsekeredwa m'kabokosi kuti phokoso lake lisamveke, ndipo ankajambula ndi makamera angapo nthawi imodzi, kutanthauza kuti seti iyenera kukwanira mbali zonsezo. Palinso china chimene ambiri sachidziwa: mzere wa mawu unadya mbali ina ya filimu, chithunzi n'kutsala pang'ono kukhala chofanana mbali zonse. Kuti anthu omwewo akwane, kamera inkabwerera m'mbuyo n'kuona m'mwamba kwambiri, makoma n'kufunika aatali. Izi zinakonzedwa mu 1932 pamene muyeso watsopano wa chithunzi unakhazikitsidwa.

FUNSO: Masiku ano ndimaona production designer pamwamba, art director pansi. Zinasintha liti? Nanga maseti akalewo anapita kuti? (Wojambula mavidiyo)

YANKHO: Dzinalo linatchuka ndi William Cameron Menzies, amene anapanga mzinda wa mu The Thief of Bagdad ya mu 1924, wa pansi pakuda ponyezimira kuti nyumba zizioneka ngati zikuyandama, ndiponso amene analandira Oscar yoyamba ya ntchitoyi pamwambo wa pa 16 May 1929. Pa Gone with the Wind ya mu 1939, Menzies anajambuliratu papepala zithunzi za mmene kamera idzaonere, mitundu ndi kuwala komwe. David O. Selznick, mkulu wopanga filimuyo, anaona kuti zimenezi zaposa udindo wa art director, ndiye anamulembera mawu atsopanowo. Art director wa filimuyo anali Lyle Wheeler.

Za maseti, ambiri ankaphwasulidwa, zitseko, mawindo ndi masitepe n'kusungidwa ku nkhokwe kudikira filimu ina. Misewu ya panja inkasiyidwa chiimire n'kumangosinthidwa nkhope. Babulo wa Griffith anakhala zaka zingapo akuyoyoka m'mbali mwa msewu asanagwetsedwe. Ena anathera pamoto: usiku wa pa 10 December 1938 ku Culver City, Selznick anatentha maseti akale, kuphatikizapo chipata chachikulu cha mu King Kong, atawaveka nkhope za nyumba za ku Atlanta. Anapeza moto wa mzinda wa Atlanta umene unkafunika mu Gone with the Wind, malo omangapo maseti atsopano n'kuyera.

Mzinda wa Farao wa mu The Ten Commandments ya mu 1923, umene Paul Iribe anaukonzera DeMille pa milu ya mchenga ya ku Guadalupe m'mphepete mwa nyanja ku California, unali ndi zifanizo 21 za mkango wa mutu wa munthu. Kujambula kutatha, unagwetsedwa n'kukwiririka mumchenga momwemo. Akatswiri ofukula zakale afukulako zidutswa, monga mu 2014 ndi 2017. Pulasitalayo ndi wopyapyala, wanyowa zaka zambiri, ndipo akangouma mofulumira amafumbutuka, choncho amamufukula ndi maburashi, n'kumulimbitsa ndi mankhwala ndi nsalu asanamunyamule.